Kuchokera pa Mphasa Kufika pa Kabedi: Mbiri ya Pogona Khanda ku Chileka ndi ku Lirangwe

Pa zinthu zamakedzana zimene zimayalidwa pa miyambo ngati uno kuti achinyamata azione, maso a anthu amathamangira ku ng'oma, mikondo, mitondo ndi mikanda. Mphasa saicheukira, pakuti ndiyo imene akhalira poonerera zinazo. Komatu pa mphasa mpamene munthu wa m'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe ankayambira moyo wake, ndipo mumphasa ndi mmene ankamukulunga pa tsiku la maliro ake. Masiku ano m'nyumba zina za m'madera awiriwa mwalowa chinthu chachilendo: kabedi ka khanda, kopepuka, kotheka kukapinda ndi kukanyamula, kamene usiku amakagundiza ku bedi la mayi. Agogo ena amakayang'ana mokayika, nanena kuti mwana sagona yekha ngati mlendo. Achinyamata ena amakagula pongoona kukongola kwa nsalu yake. Mkangano wa mibadwo iwiriyi ndi watsopano, koma funso lakuti khanda ligone pati ndi lakalekale, ndipo yankho limene makolo anapereka ndilo muyeso wabwino wosiyanitsira kabedi koteteza mwana ndi kabedi komuika pangozi.

Chileka ili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Blantyre, kuseri kwa phiri la Michiru, m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja, kumene dziko limayamba kutsetserekera ku mtsinje wa Shire. Lirangwe ili kumpoto, m'mbali mwa msewu wa M1, munthu akapitirira pa Lunzu polowera ku Zalewa. Madera onsewa ndi otentha kuposa Limbe, ndipo m'dzinja udzudzu suchita kufunafuna. M'menemo munkakhala Amang'anja, kenaka munafika Ayao, Angoni ndi Alomwe, nakwatirana, nasakaniza miyambo yawo. Amishoni a ku Scotland atakhazika mishoni ya Blantyre mu 1876, m'dziko la Mfumu Kapeni, ena mwa iwo anayamba kulemba zimene ankaona. M'busa Duff Macdonald anatulutsa mabuku awiri otchedwa Africana mu 1882, ndipo David Clement Scott anatulutsa buku lake lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja mu 1892. Koma alembi amenewa anali amuna, achilendonso, ndipo m'nyumba yobadwira mwana simunkalowa mwamuna, ngakhale bambo wa mwanayo. Mbiri ya pogona khanda inasungika makamaka pakamwa pa anamkungwi ndi azamba. Ntchito yojambula nthano ndi nyimbo za m'midzi, imene Moya Aliya Malamusi anaigwira kuchokera m'mudzi wa Singano ku Chileka, inaonetsa kuchuluka kwa chuma chimene chimasungika motero popanda pepala.

Mitundu yambiri ya kuno imatsata chikamwini, mwamuna n'kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Motero mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana ankakhala pakati pa amayi ake, amayi ake aang'ono ndi agogo ake. Akachira, iye ndi khanda ankabindikira m'chikuta kufikira mchombo utagwa, pafupifupi sabata yathunthu. Chikuta chinali ndi malamulo okhwima. Munthu wotentha, ndiye kuti amene wakhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake, sankaloledwa kugwira khandalo kuopa tsempho, ndipo alendo ankathera pakhomo. Wina akhoza kuseka malamulowa lero, koma zipatso zake zinali zooneka. Khanda la masiku ochepa silinkayenda m'manja mwa anthu ambiri, chifuwa chimene chavuta m'mudzi sichinkalifikira msanga, ndipo mayi ankapumula, wina akumuphikira phala ndi kumutungira madzi. Mchombo ukagwa ankameta mwanayo tsitsi lobadwa nalo, namutulutsa kunja, namupatsa dzina.

Pogona pa khandalo panali pa mphasa ya mayi wake. Mphasa amaisoka ndi bango long'amba, mkeka amauluka ndi mlaza, ndipo zonse ziwiri zikayalidwa pansi pozira bwino zimakhala zosalala ndi zolimba. Mwana ankagona pa kachikopa kofewa kapena pa kansalu, m'khwapa mwa mayi, pafupi ndi bere. Panalibe pogwera, poti pansi mpansi. Panalibe mpata pakati pa bedi ndi khoma woti mutu n'kupanikiramo. Panalibe siponji yoti nkhope n'kumiramo, ndipo zofunda zinali zochepa ndi zopyapyala, chiwondo kapena nsalu imodzi. Chinanso chimene ambiri amaiwala n'chakuti bambo sankagona pa mphasa imeneyo. Mwambo unkamupatula kwa miyezi ingapo, kufikira tsiku la kutenga mwana, limene ena amati kuika mwana kumphasa. Bambo wochokera ku mowa usiku ankagona pake payekha. Anamkungwi ankafotokoza lamuloli m'chinenero cha tsempho ndi mdulo, koma mwa njira yomweyo khanda linkapulumuka ku mkono wolemera wa munthu woledzera.

Masana pogona pa mwana panali kumsana. Mbereko yakale inali chikopa cha mbuzi kapena cha nyama yakutchire, chofufuta mpaka kufewa. Chitenje chinabwera pambuyo. Mayi ankalima, kusinja ndi kutunga madzi mwana ali kumbuyo, ndipo akatopa ankapatsira mlezi, kamtsikana ka pabanja pomwepo. Choncho pogona khanda ponyamulika sipanayambe lero kuno. Mphasa imapindidwa n'kusenzedwa, ndipo mbereko imapita kulikonse kumene mayi wapita. Chimene anthu sankachidziwa ndi kusiya khanda m'chipinda chalokha.

Kuyamikira nzeru za makolo sikubisa maliro awo. Ana ambiri ankamwalira asanayambe kuyenda. Moto wosonkha pakati pa nyumba unkafunditsa banja m'chisanu cha Juni ndi Julaye, koma utsi wake unkalowa m'mapapo a khanda usiku wonse, ndipo mwana woyamba kukwawa ankatha kugwera pamoto. Udzudzu unkaluma popanda choutchinga. Mchombo wopakidwa zinthu zosayera unkabweretsa kafumbata. Ndipo panali imfa ina yovuta kuitchula, ya mwana amene wagona wathanzi madzulo n'kupezeka atazizira m'mawa. Imfa imeneyi siinali ya kuno kokha. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'Chinyanja mu 1922, lili ndi mlandu umene Mfumu Solomo anaweruza, wa akazi awiri olimbirana mwana mmodzi, ndipo gwero la mlanduwo linali lakuti mmodzi wa akaziwo anagonera mwana wake usiku. Kumudzi imfa yotere inkathera kwa sing'anga, ndipo kawirikawiri wina ankasenza mlandu: bambo kuti wasempha mwana, kapena nkhalamba ya nyumba yoyandikana kuti ndi mfiti. Mabanja ndi maubale zinapasuka chifukwa cha chinthu chimene panalibe anachifuna.

Bedi linalowa m'midzi pang'onopang'ono. Mishoni ya Blantyre inkaphunzitsa anyamata ukalipentala, ndipo sukulu ya Henry Henderson Institute, imene inatsegulidwa mu 1909, inatulutsa aphunzitsi ndi amisiri amene anazolowera kugona pamwamba. Njanji yochoka ku Blantyre kupita ku Salima, yodutsa pa Lirangwe, itatha mu 1935, katundu wa m'masitolo anayandikira midzi. Koma chimene chinadzaza nyumba ndi mabulangete chinali ulendo wa ku Joni. Amuna olembedwa ndi Wenela ankakwera ndege pa bwalo la Chileka kupita ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda yopita ku migodi. Ulendowu unaima kwa kanthawi mu 1974, pamene ndege yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown pa 4 Epulo, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Pofika nthawi imeneyo, mwamuna wobwera ku Joni wopanda bulangete lolemera, sutikesi ndi ndalama zogulira bedi ankasanduka choseketsa. Matiresi a siponji anafika pambuyo pake, natsika mtengo, nafalikira.

Palibe amene anakhala pansi n'kulingalira zimene bedi lidzachita kwa khanda. Mayi atakwera pabedi, mwana anangokwera nawo. Tsopano panali pogwera. Panali mpata pakati pa matiresi ndi khoma. Siponji ikakalamba imalowa pakati, ndipo chopepuka chilichonse chimagubuduzikira kumene kuli wolemera. Mabulangete a akuluakulu ndi mapilo zinafika pafupi ndi mphuno ya mwana amene sangathe kudzivundukula yekha. M'nyengo yomweyo mwambo wopatula bambo unayamba kufooka, makamaka m'mabanja a m'tauni ndi a m'nyumba za lendi za chipinda chimodzi, kotero kuti khanda linayamba kugona pakati pa anthu awiri aakulu, nthawi zina mkulu wake wa zaka ziwiri ali kumiyendo. Mawu akuti mwana amagona ndi amayi ake sanasinthe, ndipo amanenedwabe ngati lamulo la makolo, koma malo amene mawuwo ankanena anali atasinthiratu.

Kabedi ka khanda ambiri anakaona koyamba kuchipatala. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amangoti ku Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958, ndipo amayi a ku Chileka ndi ku Lirangwe amene uchembere wawavuta amatumizidwa kumeneko kuchokera ku zipatala zazing'ono za kwawo kapena ku Mlambe pa Lunzu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 1992 anapeza kuti ana 55 mwa 100 ankabadwira kuchipatala, ndi kuti ana 234 mwa 1,000 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti obadwira kuchipatala afika 91 mwa 100, ndipo omwalira atsika kufika 63 mwa 1,000. Pakati pa zaka zimenezi, mu 2007, boma linaletsa azamba a kumudzi kuthandiza amayi kuchira, ndipo ngakhale chiletsocho chinafewetsedwa mu 2010, mafumu ambiri anaika chindapusa kwa wochirira kunyumba. Masiku oyamba a chikuta anasamukira m'wodi, ndipo uphungu wa anamkungwi unayamba kugawana malo ndi wa anamwino ndi alangizi a zaumoyo a kusikelo.

Ku Gulupu komweko kunapangidwa kabedi kamene dzina lake linamveka kunja, Blantyre hot cot, bokosi la matabwa la chivindikiro choonekera mkati, lofunditsidwa ndi mababu wamba a magetsi oikidwa kunsi kwake. Linapangidwira ana obadwa masiku asanakwane, amene m'Malawi muno ndi ambiri: lipoti la padziko lonse la 2012 linati ana 18 mwa 100 amabadwa motero, chiwerengero choposa cha dziko lina lililonse pa nthawiyo. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo madokotala anali kubwezera ana otere pachifuwa pa amayi awo. Njira ya kangaru, imene Dr. Edgar Rey anaiyamba ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina ofunditsira ana, inafika pa chipatala cha Zomba mu 1999. Mayi amamanga khanda pachifuwa ndi chitenje, khungu kukhungu. Agogo amene angaone zimenezi n'kunena kuti ndi mbereko yotembenuzira kutsogolo sanaphonye kwenikweni.

Chinthu china chimene chinasintha usiku wa khanda chinayambira m'boma lomwelino. Mu 1998 bungwe la PSI pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo anayamba kugulitsa motsika mtengo, m'boma la Blantyre, maneti onyikidwa m'mankhwala a dzina lakuti Chitetezo, ntchitoyi isanafalikire dziko lonse. Lero mayi woyembekezera amalandira neti kusikelo mwaulere. Chifukwa cha udzudzu, malangizo ochokera ku maiko ozizira sangatengedwe osawapeta. Ku London kabedi koima pambali pa bedi la mayi n'kokwanira pakokha. Ku Lirangwe kabedi kosiyidwa kunja kwa neti n'kopereka mwana kwa malungo.

Za imfa yovuta kuitchula ija, kuwala kunachokera kutali. Madokotala anaipatsa dzina mu 1969 pa msonkhano wa kufupi ndi Seattle ku America, kuti ndi imfa yadzidzidzi ya makanda, ndipo imagwa kwambiri mwana ali pakati pa miyezi iwiri ndi inayi. Kwa zaka zambiri mabuku a azungu ankalangiza kugoneka ana chafufumimba, poopa kuti angatsamwe ndi masanzi. Kafukufuku wa ku Netherlands, ku New Zealand ndi ku Bristol ku England, kumene anatsogolera ndi Peter Fleming, anaonetsa kuti uphungu umenewo unali kupha ana. Mu 1991 dziko la Britain linayamba kulengeza kuti khanda lizigona chagada, America inatsatira mu 1994, ndipo m'maiko onse awiri imfazi zinatsika ndi theka kapena kuposerapo m'zaka zotsatira. Mantha a kutsamwa, amene amayi ambiri akuno akadali nawo, anapezeka opanda maziko kwa mwana wathanzi. Akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba pa njira ya chakudya, ndipo mkaka wobwerera umatsikira komwe wachokera. Ofufuzawo anatchulanso zina zoonjezera ngozi: utsi wa fodya, kutenthedwa, pogona pofewa, kugona ndi mwana pa sofa, ndi kugona naye pabedi munthu atamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, makamaka ngati mwanayo anabadwa wochepa thupi. Anapezanso kuti kuyamwitsa, ndi kugona m'chipinda chimodzi ndi mwana kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, zimateteza. Pa mfundo yotsirizayi azungu anayenda ulendo wautali kuti afike pamene anamkungwi anali kale.

Amaori a ku New Zealand, monga anthu akuno, sankafuna kulekana ndi makanda awo usiku, koma imfa zadzidzidzi zinali zambiri pakati pawo. Cha mu 2006 dokotala wa mtundu wawo, David Tipene-Leach, anagwirizana ndi amayi oluka ku Gisborne kupanga wahakura, kamtanga kosalala pansi kolukidwa ndi chomera chakwawo chotchedwa harakeke. Kamtangako amakaika pabedi la makolo, khanda n'kukhala ndi malo akeake lili pafupi ndi bere. Sanauze anthu kuti asiye mwambo wawo, anaupatsa mpanda. Ku Finland boma linayamba mu 1938 kupatsa amayi osauka phukusi la zovala za khanda, ndipo kuyambira 1949 linayamba kupatsa mayi aliyense. Katoni imene zinthuzo zimabweramo, yokhala ndi kamatiresi pansi pake, yakhala pogona poyamba pa ana ambiri a m'dziko lolemeralo.

Kabedi konyamulika kogundiza ku bedi la mayi kali m'gulu la nzeru zimenezi. Kakakhala kabwino kamabweza zimene bedi la siponji linachotsa: malo osalala ndi olimba, pamene thupi la munthu wamkulu silingapanikize mwana, koma mkono wa mayi ungamufikire. Wokagula, kaya m'sitolo ya ku Blantyre, kaya pa kaunjika, kaya wochita kutumiziridwa ndi mbale wa ku Johannesburg, ayambire kuyang'ana pogonapo. Kamatiresi kakhale kolimba, koti munthu akakadinikiza ndi chikhatho kabwerere pomwepo osasiya chidindo, ndipo kadzaze kabedi konse, osasiya m'mbali mpata wolowa zala zoposa ziwiri. Pogonapo pakhale poyala ngati pansi, osati popendekeka. Mu Epulo 2019 kampani ya Fisher-Price inaitanitsa timipando togonekapo ana tokwana 4.7 miliyoni ta mtundu wa Rock 'n Play, makanda oposa 30 atamwalirapo, ndipo mu 2022 dziko la America linaletsa mwalamulo zogonekapo ana zopendekeka pamodzi ndi zotchinga zokhuthala zomangirira m'mbali mwa kabedi. Mutu wa khanda ndi wolemera ndipo khosi lake n'lofooka. Pamalo opendekeka chibwano chimagwera pachifuwa n'kutseka mpweya. Katundu wokanidwa kwina akhoza kutulukira m'belo, ndipo pa kaunjika sipakhala chikalata chochenjeza.

Kenaka ayang'ane mbali zake. Zikakhala za timitengo, mpata wa pakati pake usapitirire masentimita 6, kuopa kuti thupi la mwana lingapyole mutu n'kutsala. Zikakhala za nsalu ya maukonde, ikhale yokokeka bwino ndi yosang'ambika. Mbali yotsitsa, imene ndiyo imakopa ogula, ndiyonso yofunika kuiyang'anitsitsa. Ku England mu 2015 khanda la masabata asanu ndi awiri linamwalira khosi lake litatsamira pa mbali imene inali yotsitsidwa theka, ndipo muyeso wa ku Ulaya wa timabedi totere, umene unakonzedwanso mu 2019, umafuna kuti ngakhale mbali itatsitsidwa patsale kampanda ka masentimita 12. Kabedi kotere kamabwera ndi malamba okamangira ku bedi la makolo. Popanda malambawo kamasuntha usiku, ndipo pakati pamatseguka mpata woti mwana n'kugweramo. Kogula pa kaunjika malamba aja mwina anatayika kalekale. Zikatero ndi bwino kukweza mbali zonse n'kuzitseka, kabediko n'kuima pakokha pafupi ndi mayi. N'chimodzimodzinso ngati kabedi ndi bedi sizikulingana msinkhu. Pansi pozira pamene pali posalingana pasalazidwe kaye kuti miyendo ya kabedi isamagwedere, ndipo mayi akamatuluka m'chipinda, mbali ija ikwezedwe.

M'kabedimo muzikhala mwana yekha ndi chofunda chake. Chikondi cha achibale chimabwera ndi zidole, timapilo, mashawelo okhuthala ndi zipewa zaubweya, ndipo mwana wa ku Chileka amatha kukutidwa zofunda zinayi m'mwezi wa Okutobala, denga la malata likuthetheka. Mphatso zimenezi n'za masana, mwana ali m'manja. Usiku khanda lathanzi ligone chagada, mapazi ali kumapeto kwa kabedi kuti lisatsetserekere pansi pa chofunda. Chofundacho chikhale chopyapyala, chofika pachifuwa ndi chopisidwa kunsi kwa kamatiresi, mutu uli pamtunda. Wofuna kudziwa ngati mwana watenthedwa amugwire pachifuwa kapena kuseri kwa khosi, pakuti manja ndi mapazi a khanda amazizira mwachibadwa. Chingwe chilichonse cha m'khosi, chikhale cha mphinjiri kapena cha mendulo, chikhoza kukola mwana akamatembenuka, ndipo nkhani imeneyi imafunika kuikamba ndi agogo mwaulemu mwana asanabadwe. Neti ikute kabedi konse, kaya ndi yaikulu yofunda bedi ndi kabedi pamodzi, kaya ndi yakeyake, ndipo ikokeke kuti isagwere kumaso. Koloboyi ndi kandulo zikhale kutali. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka n'komwe, chifukwa mpweya wake ulibe fungo koma umapha. Mwana wobadwa masiku asanakwane ali ndi malamulo ake, amene mayi amalandira kwa anamwino a kangaru.

Si banja lililonse lingagule kabedi ka m'sitolo, ndipo palibe chochitira manyazi. Akalipentala a pa Lunzu, pa Lirangwe ndi pa Chileka akhoza kukhoma kabedi kolimba ngati wowatuma atawapatsa miyeso, nawakumbutsa kupala matabwa kuti asabaye, kumiza misomali, ndi kusapaka penti wamafuta, poti wina amakhala ndi mtovu ndipo mwana womera mano amatafuna chilichonse. Oluka madengu ndi mitanga ya nsungwi ndi ya mlaza ali ndi luso lomwe lija limene Amaori anagwiritsa ntchito: mtanga wosalala pansi, wolimba m'mphepete, wotalika kuposa mwana. Angerezi mpaka lero kamtanga kogonekamo khanda amakatcha dzina la Mose, pokumbukira kabokosi ka gumbwa ka m'mphepete mwa mtsinje wa ku Igupto. Mtanga wotere uikidwe pansi kapena pamalo ena osagwedezeka, osati pa mpando kapena pa tebulo, ndipo usanyamulidwe mwana ali momwemo.

Phindu la kunyamulika kwa kabedi limaoneka pa maliro, pa ukwati, kapena mayi akapita kukathera chikuta kwa amayi ake, kumene anthu ambiri amagona m'nyumba imodzi ndipo wina wotopa akhoza kugubuduka. Kufunika kwa malo akeake a khanda kunaonekanso mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba m'boma la Blantyre, mabanja n'kumagona mothithikana m'makalasi a sukulu. Koma ntchito ya kabedi kotere ndi ya miyezi yowerengeka. Mwana akayamba kudzitukula ndi manja, kugwada kapena kukhala tsonga, kawirikawiri pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, mbali zake zimamufupikira ndipo akhoza kupidiguka nako. Pamenepo kabedi kamapindidwa n'kupita kwa mng'ono wake wa mayi amene ali woyembekezera, ndipo wolandirayo amayenera kuonanso malamba, nsalu ndi kamatiresi ngati kuti akugula katsopano. Mwana uja amasamukira pa bedi la ana lokulirapo, kapena, m'nyumba zambiri za ku Chileka ndi ku Lirangwe, amatsikira pa mphasa yoyalidwa mkati mwa neti, pambali pa amayi ake, kufikira atasiya bere n'kupita kukagona ku kuka, kwa agogo ake.